TIYEZE MALO ANTHU ASANAFIKE

Kalembera wa chaka cha 1966 adapeza kuti m'tauni ya Lilongwe mudali anthu osakwana 20,000. Pofika 1977, patangopita zaka ziwiri Lilongwe chikhalire likulu la dziko lino, anthuwo adali pafupifupi 99,000. Mu 1987 adapitirira 220,000, mu 1998 adafika 440,000, ndipo kalembera wa 2018 adawerenga anthu oposa 989,000. Mwana wa Sitandade 7 amene amadziwa kugawa angathe kutiuza kuti pa zaka 52 zokha anthu a mumzindawu adachuluka kokwana 50. Palibe mseu, mpopi kapena chipinda chophunziriramo chimene chidachuluka pa liwiro lotere.

Anthu amenewa sadzasiya kubwera, ndipo ambiri a iwo sadachite kubwera n'komwe: adabadwira ku Bwaila ndi ku Kawale, ndipo mudzi wina umene angabwerereko saudziwa. Chifukwa chake ife sitikuona phindu m'mawu aja timawamva kawirikawiri pa misonkhano, akuti anthu azikhala kumudzi asamadzadze m'tauni. Mzinda udzakula ndithu. Chimene chili m'manja mwathu ndi ichi: kodi nyumba zimene zimangidwe zaka 20 zikubwerazi zidzakhala m'mbali mwa miseu yoyezedwa bwino, pafupi ndi sukulu ndi madzi abwino, kapena zidzangothithikana m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje monga zakhala zikuchitikira? Funso limeneli tikulipereka kwa akuluakulu a m'maofesi a Boma ndi a m'makhonsolo, komanso kwa aphunzitsi, pakuti ana amene akukhala pansi m'makalasi lero ndiwo adzakhale eni mzindawo.

Lilongwe si mzinda umene udangomera ngati bowa. Udayamba walembedwa pa pepala. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidatsimikiza mu 1965 zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, kumene lidakhala kuyambira 1891, kuti chitukuko chifalikire m'chigawo chapakati ndi chakumpoto. Dziko la Britain litakana kuthandiza, ngongole ya ma rand 8 miliyoni idachokera ku South Africa mu 1968, ndipo pulani yaikulu yoyamba adailemba akatswiri a komweko, a Gerke ndi a Viljoen. Chaka chomwecho padakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzindawo, ndipo mu 1975 Lilongwe adakhala likulu.

Pali zinthu zimene anthu amenewo adachita bwino, ndipo n'kulakwa kuziiwala. Adasiya malo aakulu m'mbali mwa miseu ikuluikulu pa nthawi imene galimoto zidali zowerengeka, mwakuti ena ankaseka kuti akumanga mzinda wa m'tchire. Koma pamene idafika nthawi yokuza miseu ndi kumanga mlatho wodutsana wa pa Area 18, umene udatsegulidwa mu 2020, malo adalipo kale, ndipo sipadafunike kugwetsa nyumba mazanamazana. Adasiyanso nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi pakati pa tauni yakale ndi City Centre, ndipo mitengo imene adaibzala m'miseu ikutipatsa mthunzi mpaka lero. Munthu amene amapatula malo a chinthu chimene chidzafunike iye atamwalira ndiye wodziwa ntchito ya mapulani.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulani ija idatengera maganizo a kunja a mzinda wonga munda wa maluwa, wokhala ndi madera otalikirana olekanitsidwa ndi tchire, ndipo mzinda wotere umakomera munthu wa galimoto. Madera a mapoloti aakulu, monga Area 10 ndi Area 43, adaikidwa kufupi ndi Capital Hill. Mesenjala, mlonda ndi kalaliki wamng'ono adapatsidwa malo ku Area 25 kapena kumwera kwa mtsinje wa Lilongwe, kumene ulendo wa ku ntchito ndi wa minibasi ziwiri kapena wa maola a pansi. Pulani ya 1986 idagawa mzinda m'zigawo zinayi zondondozana kuchokera kumwera kunka kumpoto, zimene ndi tauni yakale, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, poganiza kuti chilichonse chidzakhala ndi ntchito zake ndi misika yake. Lumbadzi, amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 20, sadakule monga adaayembekezera, ngakhale kuti bwalo la ndege lidatsegulidwa kumeneko mu 1983. Malonda adakakamirabe ku tauni yakale.

Nanga anthu adatani? Adayankha ndi miyendo yao. Mgona adamera pakhomo pa mafakitale a ku Kanengo. Kauma adakula kuseri kwa nyumba za mipanda za ku Area 12 ndi madera oyandikana nayo, kumene amayi ndi abambo ambiri a m'menemo amagwira ntchito zam'nyumba ndi zaulonda. Mtandire ali tsidya lina la Lingadzi moyang'anizana ndi Area 47, ndipo Chinsapo adatambalala m'mbali mwa mseu wa ku Likuni. Aliyense woona mapu angazindikire kuti malo amenewa sadasankhidwe mwangozi. Munthu wosauka amafuna kugona pamalo pamene angafike ku ntchito ndi ku msika wapansi, ndipo pulani ikapanda kumpatsa malo otero amadzipezera yekha. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la 2011 lidanena kuti anthu atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'malo osayezedwa. Ngati anthu atatu mwa anayi ali kunja kwa pulani, tisanamizane kuti olakwa ndi anthuwo basi.

Mapepala sadasowepo. Idalipo pulani ya 1968, idabwera ya 1986, ndipo mu 2010 akatswiri a ku Japan a bungwe la JICA adathandiza kulemba ina yoyang'ana mpaka 2030. Malamulo nawo alipo: lamulo la mapulani a matauni ndi midzi la 1988 lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2016, chaka chimene Nyumba ya Malamulo idavomerezanso malamulo atsopano a za malo. Chimene chidasowa ndi mwini wake wa mapulaniwo. Bungwe la Capital City Development Corporation litathetsedwa mu 1984, malo a mumzinda adatsala m'manja ambiri: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo ya mzinda, ndipo ena amagawidwa ndi mafumu. Nkhuku ya eni ake ambiri imagona panja. Kuonjezera apo, kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala osankhidwa, ndiye kuti pa zaka 9 zimene mizinda yathu inkakula kwambiri, munthu wa ku Mchesi kapena ku Ndirande adalibe womuimirira pamene nkhani za malo zinkakambidwa.

Tsono mfundo imene ife tikuiika patsogolo pa zonse ndi yakuti malo aziyezedwa anthu asanafike. Izi sizachilendo kwa ife. Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde ndi Area 25 mu Lilongwe, komanso Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe ku Blantyre, ndi madera amene Boma lidawayeza kuti anthu azimangamo nyumba malinga ndi mthumba mwao. Boma silidamange nyumba. Lidalambula miseu yafumbi, lidakhoma zizindikiro za malire a poloti iliyonse, lidaika mipopi ya onse pa mtunda woyendeka, ndi kulamula kuti pakhomo paliponse pakhale chimbudzi. Munthu ankayamba ndi nyumba ya zidina yofolera udzu. Patapita zaka adagula malata, kenaka adamanga ya njerwa, ndipo ana ake adalowetsa magetsi ndi madzi. Madera amenewa ali ndi mavuto ao, ndipo athithikana kuposa mmene adawakonzera. Komabe ambulansi imafika pakhomo, galimoto yozimitsa moto imapeza polowera, ndipo a madzi akafuna kuyala mapaipi amadziwa pokumba. Zonsezi zidatheka chifukwa cha ntchito yotsika mtengo kuposa zonse m'chitukuko cha mzinda, ntchito ya munthu woyeza malo ndi anyamata ake okhoma zikhomo.

Yerekezani ndi dera limene anthu adayamba kumanga woyeza malo asanapondeko. Kumeneko njira imakhota potsata mpanda wa uyu ndi khitchini ya uyo, ndipo pena imapanikizika mwakuti anthu onyamula maliro amachita kupendeketsa bokosi. Boma likafuna kulowetsa mseu patapita zaka 20, liyenera kugwetsa nyumba, kulipira chipukuta misozi, ndi kuyambana ndi anthu amene sadalakwe kanthu koma kumanga pamene adagula. Ndalama zimene zikadayeza mapoloti 1,000 zimathera pa kugwetsa nyumba zochepa chabe. Amene amati dziko lathu ndi losauka kotero silingakwanitse za mapulani aganizirepo bwino pamenepa: wolemera ndiye angathe kumanga, kugwetsa ndi kumanganso, wosauka ayenera kulondola poyamba pomwe.

Ndipo pamene pakufunika woyeza malo lero si pakati pa mzinda ai. Ndi m'mphepete, m'mbali mwa mseu wa ku Mchinji cha ku Njewa ndi Chitedze, mseu wa ku Bunda, wa ku Likuni, wa ku Dedza cha ku Nanjiri, ndi wa ku Salima. Kumeneko minda ya makolo ikudulidwa tizidutswatizidutswa n'kumagulitsidwa kwa anthu a m'tauni, wina ndi wina payekha, mboni zake nyakwawa ndi kapepala kolembedwa pamanja. Wogulitsa amafuna kuti dothi lililonse lisanduke ndalama, ndiye sasiya malo a mseu, a sukulu, a msika kapena a manda. Wogula amamanga mpanda wa njerwa mpaka pa malire enieni. Ambiri a malo amenewa ali kunja kwa malire a khonsolo ya mzinda, m'manja mwa khonsolo ya boma la Lilongwe, imene ntchito yake yaikulu idali ya kumidzi. Koma anthu okhalamo amagwira ntchito mumzinda, ndipo pakapita zaka 10 adzakhala mzinda ndithu. Makhonsolo awiriwa ayenera kukhala pa mphasa imodzi ndi mafumu a maderawo ndi kugwirizana, chaka chino osati chamawa, za mizere imene miseu ikuluikulu idzadutse ndi malo amene sadzagulitsidwa kwa munthu aliyense.

Tikudziwa kuti pamenepa pali dandaulo loona. Mwini munda adzafunsa kuti: ine ndipereke bwanji gawo la munda wa makolo anga kuti pakhale mseu wa alendo? Anthu a m'midzi imene idasamutsidwa pomanga likulu sadaiwale, ndipo ana ao ali ndi chifukwa chokayikira munthu wobwera ndi mapu. Yankho lake lisakhale kuopseza. Mwini munda aonetsedwe poyera kuti poloti yokhala m'mbali mwa mseu woyezedwa, yokhala ndi pepala lovomerezeka, imagulidwa pa mtengo wokwera kuposa yobisika kuseri kwa mipanda ya ena, kotero kuti ngakhale atapereka gawo la munda wake ku mseu ndi ku sukulu, zotsalazo zidzampatsa zambiri kuposa munda wonse wosayezedwa. Ndipo pamene Boma latenga malo a munthu kotheratu, chipukuta misozi chiperekedwe msanga, munthuyo ali moyo.

Chachiwiri chimene pulani iliyonse iyenera kuchiopa ndi madzi. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Mu 2017 Lingadzi adasefukira nalowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo chaka chisanathe madzi adaononganso ku Kaliyeka, ku Chipasula ndi ku Kawale, anthu natayika miyoyo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche ku Blantyre, nakwirira nyumba za ku Chilobwe zimene zidamangidwa m'mapazi mwa phiri lometedwa mitengo. Mvula sitingailetse, koma malo amene madzi amadutsa timawadziwa, ndipo agogo a m'midzi yozungulira amawadziwa kuposa mapu. Dambo lili ngati chinkhupule: limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Tikalithira dothi ndi kumangapo, madzi aja amathamangira kwa mnansi wa kumunsi, amene kawirikawiri ndiye wosaukitsitsa. Madenga a malata ndi mabwalo a simenti akachuluka kumtunda, madzi olowa pansi amachepa, oyenda pamwamba nachuluka. Okumba mchenga ndi oumba njerwa m'mphepete mwa mtsinje akagumula gombe, mtsinjewo umasiya njira yake.

Choncho m'mbali mwa Lilongwe, Lingadzi ndi timitsinje tonse tothira m'menemo mukhale malire odziwika, obzalidwa mitengo ndi nsungwi, ndipo malirewo alemekezedwe ndi wosauka ndi wolemera yemwe. Koma kungolemba chikwangwani choletsa sikukwanira. Malo opanda ntchito mumzinda sakhalitsa. Usiku umodzi wokha pamamera maziko. Malo a m'mphepete mwa mtsinje apatsidwe ntchito yosaopa madzi, monga mabwalo a mpira, madimba a ndiwo zamasamba ndi nkhalango za sukulu, ndipo aperekedwe m'manja mwa komiti ya anthu a pomwepo imene idzawateteze chifukwa ikupindula nawo. Tisaiwalenso kuti madzi a m'mipopi ya mumzinda amachokera kutali, ku nkhalango ya Dzalanyama, kudzera m'madamu awiri a Kamuzu a ku Malingunde. Mu 2015 zidafika poti asilikali akalondere nkhalangoyo chifukwa cha ootcha makala, ndipo makalawo amaphikira nsima mumzinda momwemo. Pulani ya mzinda imene siyankhula za nkhuni, makala ndi magetsi ophikira ikudula nthambi imene yakhalira.

Za chimbudzi sitichita manyazi kuzilemba m'danga lino. Nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a zonyansa mu Lilongwe ndi zochepa kwambiri; anthu ambiri amadalira zimbudzi zokumba, ndipo pamene mipopi ili kutali kapena yauma amatunga m'zitsime zosazama. Poloti imodzi ikakhala ndi mabanja 8 a lendi, chimbudzi ndi chitsime zimayandikana, ndipo nthawi ya dzinja madzi a pansi amaziphatikiza. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, adakantha kwambiri mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, mpaka sukulu za m'mizinda iwiriyi zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Aphunzitsi akukumbukira. Nkhani ya mapulani a mzinda ndi nkhani ya masiku amene mwana amakhala m'kalasi.

Nanga amene adakhazikika kale m'malo osayezedwa titani nawo? Kugwetsa si yankho, kupatula pamene nyumba ili panjira ya madzi penipeni, ndipo ngakhale pamenepo munthu ayambe waonetsedwa kopita. Njira yabwino adationetsa ndi anthu osauka eni ake. Kuyambira 2003, magulu a amayi osunga ndalama pang'onopang'ono, amene adayambira ku Mtandire mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, adayamba kuwerenga okha nyumba, zimbudzi ndi mipopi ya m'madera mwao ndi kujambula mapu ao. Ndi mapepala amenewo m'manja adapita ku khonsolo, osati kukapempha chifundo koma kukakambirana, ndipo khonsolo ya Lilongwe idawapatsa mapoloti oposa 200 ku Area 49 kumene adamanga nyumba zao. Anthu akawerenga okha amadziwa kuti mseu uyenera kudutsa pati, ndipo amagwirizana okha za amene asunthe mpanda wake ndi mmene amthandizire. Zimene akadakana kwa mlendo wovala tayi amazivomera kwa mnansi wao.

Apa ndi pamene pagona tanthauzo la mawu aja akuti anthu atengepo mbali, amene tawamva kwambiri chikhazikitsire lamulo la maboma aang'ono la 1998. Kawirikawiri chimene chimachitika ndi chakuti pulani imalembedwa yonse m'Chingerezi, n'kuitanira anthu 40 ku hotela, kuwaonetsa zithunzi pakhoma, kuwapatsa chakudya ndi ndalama yoyendera, kenaka n'kulemba kuti anthu afunsidwa. Kumeneko si kufunsa. Mapu a dera apachikidwe pa sukulu, pa msika ndi pa chipatala kwa mwezi wathunthu, mawu ake ali m'chinenero chimene anthu amayankhula, ndipo pakhale tsiku lodziwika limene wa ku ofesi ya mapulani adzakhale pamenepo kuyankha mafunso. Msonkhano uchitike Loweruka masana kapena Lamulungu anthu atatuluka m'mapemphero, osati Lachiwiri m'mawa pamene aliyense ali kosaka chakudya. Ndipo woitana aonetsetse kuti abwera ndani. Eni mapoloti amabwera okha osaitanidwa; koma ambiri okhala m'madera othithikana ndi a lendi, ndipo amene amadziwa kutalika kwa mpopi ndi mdima wa njira ya kuchigayo ndi amayi ndi atsikana. Zimene anthu anena zilembedwe, ndipo pulani ikabwerera kwa iwo auzidwe kuti ichi tatenga, ichi takana pa chifukwa chakutichakuti. Munthu amapirira kukanidwa ngati wauzidwa chifukwa.

Za mafumu a m'tauni tinene mosabisa. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu m'kati mwa mzinda, komabe maliro akagwa ku Chinsapo kapena ku Area 23 anthu amathamangira kwa mfumu, ndipo mlandu wa malire umayambira pabwalo pake. Khonsolo imene imachita ngati anthu amenewa kulibe imadzinamiza yokha. Aitanidwe, apatsidwe mapu, akhale alonda a malo a mseu ndi a sukulu. Koma adziwenso kuti amene agulitse malo opatulidwa adzayankha kubwalo la milandu monga munthu wina aliyense.

Pali nkhani ina imene ambiri a ife ogwira ntchito m'maofesi sitikonda kuimva. Tonse timalota nyumba yapayokha pa poloti yaikulu, mpanda kuzungulira, chimanga kuseri. Koma mzinda wa anthu miliyoni imodzi ukamangidwa motero umatambalala mpaka kudya minda yachonde ya chigwa cha Lilongwe imene imatidyetsa, ndipo paipi iliyonse, waya aliyense ndi mseu uliwonse umatalika pamene olipira ali ochepa. Pakati pa mzinda pali malo ambiri a Boma ndi a anthu amene akhala zaka ali tchire, eni ake akudikira kuti mtengo ukwere. Amenewo amangidwe kapena alandidwe monga mwa lamulo, ndipo m'mbali mwa miseu ikuluikulu muloledwe nyumba zosanja, pansi sitolo pamwamba pogona. Misika nayo iikidwe pamene anthu amadutsa. Mu 2006 Boma lidachotsa ogulitsa malonda m'miseu ya m'mizinda, koma ambiri adabwerera, chifukwa wogulitsa tomato amatsata mapazi a anthu, ndipo msika womangidwa kuseri kumene sikudutsa munthu umangosanduka khola la mbuzi. Anthu ochuluka mumzinda uno amayenda pansi, pa njinga kapena pa kabaza. Mseu watsopano wopanda njira ya oyenda pansi, wopanda podutsira ana a sukulu ndi poimira minibasi, wamangidwira anthu ochepa ndi ndalama za anthu onse.

Kwa aphunzitsi tili ndi pempho lapadera. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, sukulu za m'mizinda zadzaza kotero kuti zina zimaphunzitsa ana m'magulu a m'mawa ndi a masana, ndipo ena amaphunzirira pansi pa mtengo. Sukulu yotere idzafunika zipinda zina, ndipo zipindazo zidzafuna malo. Mphunzitsi wamkulu aliyense adzifunse ngati akudziwa pamene malire a sukulu yake athera, ngati pepala la malowo lilipo, ndi ngati zizindikiro za m'ngodya zikuonekabe. Mabwalo a masewero ambiri adatha pang'onopang'ono, lero kanyumba ka wogulitsa mandasi, mawa maziko a nyumba, komiti ya sukulu ili chete poopa kudana ndi anthu. Bzalani mitengo m'malire chaka chino. Ndipo phunziro la mapu lisathere pa mitsinje ya ku maiko akutali. Ana a Sitandade 8 ndi a sekondale angathe kujambula dera lao, kuonetsa pamene madzi amadikha, pamene zinyalala zimaunjikana ndi njira imene amadzera popita ku sukulu. Mapu otero, ataperekedwa kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya dera, ali ndi zambiri zimene ofesi ilibe. Aphunzitsi ambiri ndiwo alembi a makomiti a m'madera ndi a m'mipingo. Cholembera chili kale m'manja mwao.

Kwa akuluakulu a m'maofesi mawu athu ndi ochepa koma olemera. Pulani siifa tsiku limodzi. Imafa ndi chilolezo chimodzichimodzi choperekedwa mwamseri: uyu amange pa malo a mseu chifukwa ndi wodziwika, uyo asandutse bwalo la ana kukhala malo omwetsera mafuta chifukwa foni yachokera kumwamba. Munthu wa ku Mgona akaona nyumba yosanja itaima m'dambo popanda woigwedeza, simungamuuzenso kuti asamange kanyumba kake m'mphepete mwa ngalande. Pempho lililonse losintha ntchito ya malo lilengezedwe poyera anthu a dera asanadzidzimuke ndi mathirakitala, ndipo mayina a opatsidwa mapoloti a Boma ndi a khonsolo apachikidwe pa bolodi kuti aliyense awerenge. Za msonkho wa nyumba ndi malo n'chimodzimodzi. Khonsolo singatole zinyalala kapena kukonza ngalande popanda ndalama, ndipo maofesi a Boma amene ali ndi ngongole ku makhonsolo ayambe ndiwo kulipira. Koma khonsolo nayo ionetse wodi iliyonse kuti chaka chatha idatolera zingati ndipo idagwirira ntchito yanji kumeneko. Walira mvula walira matope: amene akufuna mzinda waukhondo alipire, ndipo amene walandira ndalamazo awerengetse.

Talankhula kwambiri za Lilongwe chifukwa ndiye chitsanzo chimene tonse tikuchiona, koma amene angapindule msanga ndi phunziroli ali kwina. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika kukula kwa mizinda kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo Boma lidasankha malo 8 oti adzakhale mizinda yachiwiri: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza, ndi Bangula. Kuonjezera pa amenewa pali malo a malonda monga Mponela, Jenda, Lunzu, Nsundwe ndi Mitundu, amene akukula m'mbali mwa mseu popanda wofunsa. Kumeneko minda ikadalipo, ndipo mzere wa mseu ungathe kukhomedwa zikhomo popanda kugwetsa khoma la munthu. Bwanamkubwa wa boma lililonse ali ndi mphamvu yoitanitsa mafumu, makhansala, aphunzitsi aakulu ndi amalonda a pamalopo, kutenga woyeza malo mmodzi, ndi kuyenda nawo pansi kuzungulira tauni yao, kugwirizana kuti apa padzadutsa mseu, apa sukulu yachiwiri, apa msika, apa manda, ndipo dambo ili silidzakhudzidwa. Ntchito imeneyi imayenda bwino m'chilimwe, chimanga chitakololedwa ndi udzu utapsa, pamene malire a minda akuoneka ndipo eni ake ali pakhomo.